Nkhuni, makala, gasi kapena magetsi: kutenthetsa nyumba mu Juni ndi Julayi

Nyumba zambiri za ku Malawi zinamangidwa poganizira kutentha kwa mu Okutobala. Denga ndi la malata lopanda siling'i, pansi ndi pa simenti, mawindo satsekeka bwino, ndipo kunsi kwa chitseko kuli mpata wolowa chala. Kwa munthu wa ku Nsanje kapena ku Salima imeneyi si nkhani. Koma ku Dedza, ku Tsangano, ku Mzuzu, ku Chikangawa ndi ku Nyika, kumene m'mawa wina udzu umapezeka utayera ndi chisanu, komanso ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Zomba kumene chiperoni chimakhazikika masiku angapo dzuwa osaoneka, funso la chotenthetsera nyumba limabwera chaka ndi chaka. Ambiri amaliyankha kuzizira kutafika kale, ndipo yankho la mothamanga limakhala mbaula ya makala m'chipinda chotseka, njira yoopsa kuposa zonse zimene tikambe pano.

Musanafunse za mtengo wake, funsani kaye kuti utsi wa chimene mukuyatsacho utulukira kuti. Kenako ganizirani ngati mukufunadi kutenthetsa nyumba yonse, kapena chipinda chimodzi, kapena bedi lokha. Ndalama zambiri zimapita pa kutenthetsa mpweya umene ukuthawira kudenga.

Nkhuni za mu Juni zimadulidwa mu Ogasiti

Nyengo yozizira kwathu kuno imatsatana ndi dzinja. Mvula ikaleka mu Epulo, pofika kumapeto kwa Meyi kwazizira kale, ndiye mtengo wodulidwa pa nthawiyi sukhala ndi mpata wouma. Mtengo wauwisi pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, pamene nkhuni zabwino siziyenera kupitirira magawo 20 pa 100. Kilogalamu ya nkhuni zouma imasunga kutentha kofanana ndi mayunitsi 4 a magetsi. Yaiwisi imapereka pafupifupi theka la apo, chifukwa moto umayamba wawiritsa madziwo usanafunditse aliyense. Pamene ukutero umakhala wozizira, sutha kunyeketsa mpweya wotuluka m'nkhuni, ndipo mpweya wosanyekawo ndi umene timauona ngati utsi wowawa m'maso.

Choncho dulani mu Ogasiti kapena Sepitembala, kuti dzuwa ndi mphepo ya chilimwe zikugwirireni ntchito, ndipo nkhunizo zikhale zili pansi pa denga mvula yoyamba isanagwe mu Novembala. Dulani zidutswa za masentimita 30 mpaka 35 mulitali, kapena zofupikirapo masentimita 5 poyerekeza ndi m'kati mwa chitofu chanu. Ziwazeni kuti chilichonse chisapose masentimita 10 kunenepa. Madzi amatulukira kumapeto ndi pamalo powaza, khungwa limawatsekera, n'chifukwa chake chikuni chathunthu cha bulugamu chimatha kugona chaka chonse m'kati mwake muli monyowa. Bulugamu muwazeni sabata yomweyo imene mwamugwetsa. Akauma amalimba, mitsempha yake ndi yopotana, ndipo nkhwangwa imangonjanja.

Kaunjikidwe ndiye kamene kamaononga nkhuni za anthu ambiri. Yalani njerwa, pamwamba pake mugoneke mitengo iwiri motalikirana, kuti nkhuni zikwere masentimita 20 kuchoka pansi. Zikagunda dothi zimayamwa chinyezi ndipo chiswe chimazipeza sabata isanathe. Sanjani mzere umodzi umodzi, kumapeto kwa zikuni kuloze kumene mphepo imachokera, ndipo pakati pa mizere musiye mpata wolowa mkono. Phimbani pamwamba pokha ndi lata lakale lopsinja ndi miyala. Kukulunga mulu wonse ndi pepala la pulasitiki n'kulakwitsa: chinyezi chimakwera masana, chimaundana papepala, usiku chimagweranso pankhuni, ndipo mu Meyi mumavundukula mulu wa chuku. Amene ali ndi chigafa cha fodya chopanda ntchito ali ndi malo abwino kale. Musatsamiritse mulu kukhoma la nyumba, chifukwa umaitana chiswe, makoswe ndi njoka zotsata makoswewo. Lambulani mozungulira mamita awiri kapena atatu. Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi ya moto wa osaka mbewa, ndipo mulu wa nkhuni zouma sufuna kupemphedwa kawiri.

Kuti mudziwe kuti zauma, yang'anani ming'alu kumapeto, khungwa lomasuka, ndi kulira kwake mukagundanitsa ziwiri: zouma zimati ngwe, zaziwisi zimangoti di. Njira yodalirika kwambiri ndi sikelo yomwe mumayezera chimanga. Sankhani chikuni chimodzi cha pakati pa mulu, muchilembe ndi khala, muzichiyeza pakatha masabata awiri aliwonse. Chimene chinali makilogalamu 3 chili chachiwisi chidzatsika kufika pang'ono kunsi kwa 2, kenako n'kuima. Chikaima, mulu wauma. Pamoto, nkhuni yonyowa imadziulula yokha potulutsa thovu kumapeto kwake.

Mtengo uti

Pa kilogalamu imodzi mitengo youma imapereka kutentha kofanana ndithu. Kusiyana kuli pa kulemera kwa chikuni chimodzi ndi mmene chimayakira. Bulugamu ndi wolemera, amayaka nthawi yaitali, amasiya makala a moto abwino, koma amafuna miyezi 6 mpaka 12 atawazidwa. Keshya amafanana naye pang'ono ndipo amapezeka m'malire a minda yambiri. Paini, amene anthu a kufupi ndi Chikangawa, Dedza ndi Zomba amamupeza ngati zotsalira pocheka matabwa, amauma m'miyezi itatu kapena inayi ya chilimwe, amagwira moto msanga chifukwa cha utomoni, koma amathetheka ndipo amatha msanga. Ndi wabwino pokolezera, wosadalirika usiku wonse. Malaina ndi wopepuka, sasiya makala okhalitsa, ndipo amachedwa kuuma kuposa mmene kupepuka kwake kumanamizira. Mitengo ya nandolo, zitsononkho ndi nthambi za gilisidiya ndi zabwino pa moto wachangu wa m'mawa. Nsungwi muziyamba mwazing'amba, apo ayi mfundo zake zimaphulika n'kumwaza moto.

Tsanya, muwanga ndi mitengo ina yachilengedwe imayaka bwino kuposa yonseyi, palibe angatsutse. Koma imatenga zaka makumi kuti ikule, ndipo kuidula m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu pa lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020. Bulugamu, keshya ndi gilisidiya amaphukiranso pachitsa. Dulani mopendekera masentimita 10 mpaka 15 kuchoka pansi kuti madzi asakhazikike pachitsa, ndipo mphukira zikakula musiyepo ziwiri kapena zitatu zamphamvu.

Pali zina zosayenera kufika pamoto ngakhale kutazizira bwanji. Nkhadze, utsi wake umapweteka maso ndi pakhosi. Matabwa opaka penti, mapolo akuda onunkha phula, ndi matabwa obiriwira ndi mankhwala a chiswe ali ndi poizoni amene amatuluka mu utsi n'kutsaliranso m'phulusa. Majumbo ndi zidutswa za matayala, zimene ambiri amakolezera, n'chimodzimodzi.

Moto wa pamafuwa ndi mbaula zadothi

Kuotha moto kukhitchini yapadera ndi njira yakale, ndipo inkapirika chifukwa denga la udzu ndi mipata ya m'khoma zinkatulutsa utsi. Moto womwewo ukalowa m'nyumba ya malata, yopaka pulasitala, ya mawindo agalasi, utsi ulibe kolowera. Ngakhale kukhitchini ya udzu, utsi wa tsiku ndi tsiku umawonjezera chibayo kwa ana ndi chifuwa chosatha kwa amayi. Mbaula yadothi ya Chitetezo komanso mbaula za njerwa monga Changu Changu Moto ya ku Nkhata Bay zimapulumutsa nkhuni pophika, koma zinapangidwa kuti zitumize moto kumphika. Zimafunditsa pang'ono amene wakhala pafupi, dothi lake limasunga kutentha kanthawi moto utazima, koma zilibe chumuni, ndiye malo ake ndi kukhitchini kapena pakhonde.

Moto wapansi ulinso ndi vuto lina. Miyezi yozizira ndi imene zipatala zimalandira ana ambiri opsa, pamodzi ndi odwala khunyu amene agwera pamoto. Wodwala khunyu asaothe moto ali yekha. Wina akapsa, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, musapake dzira, mankhwala otsukira mano kapena mafuta, kenako pitani naye kuchipatala.

Makala

Makala amakopa chifukwa safuka. Kilogalamu imodzi imasunga kutentha kuwirikiza kawiri kwa nkhuni, ndipo mbaula imanyamulika. Koma makala akamanyeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide wambiri, umene ulibe fungo, mtundu kapena kuwawa m'maso. Utsi wa nkhuni umakutulutsani panja ndi chifuwa, uwu umakugonekani. Umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200, ndiye thupi limabanika munthu akupuma ndithu. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka kwa miyendo, zimene anthu amazitenga ngati malungo. Ngati anthu awiri kapena atatu a m'chipinda chimodzi ayamba kumva mutu nthawi imodzi, tulukani nonse, tsegulani zitseko, ndipo amene wakomoka kapena wasokonezeka mutu athamangire naye kuchipatala kumene kuli okosijeni. Mkaka suchotsa poizoniyu.

Ena amati makala akayaka n'kufiira onse, ayera, atha kulowa m'nyumba. Ayi. Makala ofiira opanda lawi akutulutsabe mpweyawo, ndipo mpweya wabwino ukamachepa m'chipinda amautulutsa wochuluka. Kutsegula windo pang'ono kumachepetsa ngozi koma sikuichotsa, makamaka usiku wopanda mphepo. Makala oumba a utuchi, a mankhusu a mpunga kapena a makoko a mtedza, komanso makala a chilolezo ochokera ku mitengo yobzala monga a ku Kawandama Hills, ndi abwino kunkhalango, poti uvuni wadothi umadya makilogalamu 7 mpaka 10 a mtengo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Koma m'chipinda chogona onse amapha mofanana. Mbaula ya makala iothedwe pakhonde, ndipo izimitsidwe panja anthu asanagone.

Fireplace ya m'khoma ndi chitofu chotseka

Nyumba zakale za boma ku Zomba ndi za m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje zili ndi fireplace ya njerwa, malo otseguka osonkhapo moto m'khoma okhala ndi chumuni. Imatulutsa utsi, imasangalatsa kuyang'ana, koma m'chipinda mumatsala magawo 10 mpaka 20 okha pa 100 a kutentha kwa nkhuni. Chumuni chake chachikulu chimakoka mpweya wofunda wa pabalaza, ndipo wozizira umalowera kunsi kwa chitseko kudzalowa m'malo mwake. N'chifukwa chake wootha amapsa maondo msana ukuzizidwa.

Chitofu chachitsulo chokhala ndi chitseko ndi paipi chimasiya m'chipinda magawo 60 mpaka 80, ndipo kwa mwini nyumba wa kumapiri amene ali ndi mitengo yake, palibe njira ina yoposa iyi. Amisiri owotcherera amatha kuchipanga, koma muwauze zimene mukufuna. Chitsulo chikhale chosachepera mamilimita 3, apo ayi chimapindika n'kubooka nyengo ziwiri zisanathe. M'kati muyalidwe njerwa zowotcha zomata ndi dothi, kuti moto ukhale wotentha ndipo chitsulo chisadyeke. Chitseko chitsekeke mothina, chikhale ndi kabowo ka mpweya kotha kukulitsa ndi kuchepetsa. Chakumwamba m'kati mukhale chitsulo chopingasa chokakamiza malawi kuzungulira asanalowe m'paipi. Popanda chimenechi moto umangothamangira kudenga. Mmisiri akafuna kudula silinda yakale ya gasi kuti apangire chitofu, kanani, chifukwa gasi wotsalira m'kati amaphulika.

Paipi ndiyo imakoka moto. Ikhale ya masentimita 12 mpaka 15 m'mimba mwake, italike pafupifupi mamita 4 kuchoka pachitofu, ndipo nsonga yake ipitirire pamwamba penipeni pa denga ndi masentimita 60. Ikakhala yaifupi, mphepo yogunda denga imabwezera utsi m'nyumba. Mokhota musapose muwiri. Polumikiza, paipi yapamwamba ilowe m'kati mwa yapansi, kuti phula loyenderera libwerere m'chitofu m'malo motsikira kunja. Mtunda wa pakati pa paipi ndi thabwa lililonse la denga kapena siling'i ukhale kuwirikiza katatu kukula kwa paipiyo, kutanthauza masentimita 45 pa paipi ya 15. Chigawo choyamba chisakhale cha lata la denga, poti chimene amakutira malata chikapsa chimatulutsa utsi wodwalitsa. M'nyumba ya udzu paipi yachitsulo isadutse padenga n'komwe.

Pokoleza, ikani zikuni zazikulu pansi, zapakati pamwamba pake, tinkhuni ndi pepala pamwamba penipeni, n'kuyatsa kumwambako. Utsi wa zikuni zapansi umadutsa m'malawi n'kunyeka, ndipo paipi imatentha msanga n'kuyamba kukoka. Cholakwika chofala ndi kudzaza chitofu ndi nkhuni zonyowa n'kutseka mpweya kuti moto ufike m'mawa. Utsi wozizirawo umamata phula lakuda m'paipi, ndipo tsiku lina phulalo limagwira moto, paipi imafiira, denga limapsa. Chotsani mwaye mu Meyi, muonenso ngati mbalame kapena njuchi sizinamangemo.

Za kuchuluka: chitofu cha pabalaza chimadya pafupifupi kilogalamu ndi theka pa ola. Maola 4 madzulo aliwonse kwa miyezi itatu ndi makilogalamu 500 ndi kanthu. Mendulo ya bulugamu wouma, mulu uja wa mita imodzi mbali zonse, imalemera makilogalamu 400 mpaka 500, ndiye imodzi ndi theka imakutulutsani m'chisanu. Ya paini konzani ziwiri. Pa fireplace wirikizani katatu mpaka kasanu ndi kawiri.

Magetsi ndi gasi

Hita ya magetsi ilibe utsi, ndipo ndi yokhayo imene ingayake m'chipinda chotseka. Yamafuta m'kati, ya fani ndi ya ndodo zofiira, zonse zimapereka kutentha kofanana pa yuniti imodzi, wogulitsa asakunamizeni. Kusiyana n'kwakuti yandodo imafunditsa amene yamuloza nthawi yomweyo, pamene yamafuta imachedwa koma siotcha mwana kwambiri akaigunda. Ya mawati 2,000 imadya mayunitsi 2 pa ola. Maola 4 pa tsiku ndi mayunitsi 240 pa mwezi, kuposa zimene mabanja ambiri amagwiritsa ntchito pa zonse. Bulangete la magetsi limadya mawati osakwana 100, usiku wonse yuniti imodzi osatha, ndipo pa ndalama palibe chofanana nalo. Air conditioner, makina oziziritsa m'nyumba, ikakhala yothanso kutenthetsa imapereka mayunitsi atatu a kutentha pa yuniti imodzi, ngati muli nayo kale.

Pulagi ya mano atatu ili ndi fyuzi ya maampu 13, malire ake pafupifupi mawati 3,000. Hita ilowe m'soketi ya pakhoma yokhayokha. Maekisitenshoni otchipa ali ndi waya wowonda amene amatentha n'kusungunuka. Pakatha theka la ola gwirani pulagi, ikatentha, zimitsani. Siyani mita imodzi pakati pa hita ndi makatani, zofunda ndi neti ya udzudzu, ndipo musayanikepo matewera. Magetsi akathima, zimitsani hita pasoketi, kuti isadzayake yokha m'nyumba mulibe munthu. A sola asayese n'komwe: batire ya mavoti 12 ndi maampu 100 imasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, hita ya mawati 1,000 imaimaliza pafupifupi mu ola limodzi, ndipo masiku a chiperoni ndi omwewo amene batire siidzaza.

Hita ya gasi ya mapanelo atatu, yofala kwambiri ku South Africa, imagwira ntchito magetsi kulibe. Silinda ya makilogalamu 9 imatha maola pafupifupi 30 mapanelo onse akuyaka, ndipo pafupifupi 90 pa panelo imodzi. Imapuma mpweya wa m'chipinda momwemo, ndiye windo litseguke pang'ono ndipo izimitsidwe pogona. Kilogalamu iliyonse ya gasi imatulutsa madzi opitirira lita ndi theka, amene amaoneka ngati thukuta pamawindo ndi chuku kuseri kwa kabati. Posintha silinda pakani thovu la sopo polumikizira. Likafufuma, gasi akutuluka. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, amayenda pansi, ndiye mukamva fungo tsegulani chitseko, osati windo lokha, ndipo musakhudze switchi. Parafini ali ndi mavuto a gasi onse, kuwonjezapo fungo ndi kutayika akagundidwa. Amene akukhala m'tizipinda ta malata ku Johannesburg amadziwa mmene moto wa parafini umadyera mzere wonse wa nyumba.

Kuti muyerekeze ndi mitengo ya kwanuko, tengani muyeso umodzi. Kutentha kwa mayunitsi 10 kotsala m'chipinda kumafuna mayunitsi 10 a magetsi pa hita, kapena magalamu 800 a gasi, kapena makilogalamu 3 ndi theka a nkhuni zouma m'chitofu chotseka, kapena makilogalamu 12 mpaka 25 pa fireplace. Chulukitsani ndi mtengo wa lero. Wogula nkhuni za timitolo m'tauni n'kumaziotcha pa fireplace kawirikawiri amapeza kuti akulipira kuposa wa gasi.

Musanagule kalikonse

Nyumba ya malata yopanda siling'i siitentha ndi hita iliyonse. Siling'i ya chipinda chimodzi chokha, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi zoluka, imasintha zinthu kuposa kugula hita yachiwiri. Kunsi kwa chitseko gonekani kathumba kakatali ka mchenga, pasimenti yalani mkeka, pamawindo pakhale makatani ochindikala otsekedwa dzuwa likangolowa. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye mawindo a mbali imeneyo atseguke makatani masana kuti makoma ndi simenti zimwe kutentha. Koma tizibowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma musatitseke m'chipinda chimene muli lawi la mtundu uliwonse.

Wa lendi m'tauni, amene sangaboole denga la mwini wake, amapindula ndi bulangete la magetsi ndi hita yaing'ono ya ola limodzi madzulo. Wa kumudzi wopanda magetsi aothere kukhitchini kapena pakhonde, pogona atenge botolo lochindikala la madzi otentha koma osawira, kapena njerwa yotenthetsa pambali pa moto yokulunga m'chitenje chakale, aiike kumiyendo kwa zofunda mphindi 15 asanalowe. Khanda lisagundane ndi botolo kapena njerwa. Livale chipewa ndi masokosi, ndipo likhale pathupi pa mayi ake.

Phulusa la m'chitofu limabisa makala a moto tsiku lonse, nthawi zina awiri. Liwoleni ndi fosholo m'ndowa yachitsulo, osati m'katoni kapena beseni la pulasitiki, ndipo ndowayo igone panja kutali ndi mulu wa nkhuni, chifukwa ikakhala m'nyumba imatulutsa mpweya womwe uja wa mbaula. Likazizira, la nkhuni zoyera lithireni m'chimbudzi chokumba kapena kudimba, dzanja limodzi kapena awiri pa mita imodzi mbali zonse, koma musalisakanize ndi feteleza wa urea, poti limathawitsa mphamvu yake.